Madenga a Bambo

Lolemba, 8 Julayi 2024

Tchuthi changa chonse chithera pamsewu. Bambo akakamira kuti ndiwatenge akaone matchalitchi akale amene anakhoma madenga ake ali kalipentala wachinyamata. Adokotala akuti maso awo akupita ndipo sadzachiranso. Ndikanakana bwanji? Achimwene a Noel angotibwereka galimoto, iwo eti ntchito yawachulukira. Ngati ine ndilibe.

Lachiwiri, 9 Julayi

Kuseri kwa Namitete. Fumbi lokhalokha. Tapeza tchalitchi chokhoma, wosunga kiyi ali kumaliro. Akazi awo akuti, "Dikirani pang'ono." Pang'ono pakepo mpaka dzuwa kupendeka! Bambo amangozungulira khoma, kugogoda njerwa ndi ndodo. Tabwerera osalowa.

Lachitatu, 10 Julayi

Cha ku Nsaru. Tchalitchi chakale chija anagwetsa, pali chatsopano cha matailosi. Mkulu wa mpingo kutizunguliza monyadira, ine mutu ukuwawa. Bambo afunsa za mitanda yakale ya denga.

"Ija? Inadyedwa ndi chiswe. Yotsala tinaotchera njerwa."

Takwera galimoto. Bambo ataya tiyi pampando, ine n'kuwakalipira ngati mwana.

Lachinayi, 11 Julayi

Tayala laphulika pa Kabudula. Tsiku lathera pomwepo.

Lachisanu, 12 Julayi

Chomaliza, kupitirira Nambuma. Dzina la mudzi aiwala. Akuti pali mkuyu panjira, koma mikuyu ndi yambirimbiri. Tasochera mpaka ndinanena kuti, "Bambo, ine ndatopa, tizibwerera." Iwo, "Funsanso kamodzi." Ndafunsa mokwiya munthu wapangolo, watilozera.

Katchalitchi kakang'ono, njerwa zofiira, khoma lang'aluka kumbuyo. Tapeza mayi wina, a Magdalena, akusesa. Atamva chomwe tadzera anataya tsache, n'kutsegula mawindo onse.

Nditakweza maso ndinangoti kakasi. Mitanda ya mlombwa, yakuda bii, yowongoka, yolumana bwinobwino. Yonse ilipo. Ndakula ndikuwaona akukhoma timipando, sindinkadziwa kuti manja awo anafika pamenepa.

Bambo anaima pakati, chipewa m'manja, nkhope kumwamba.

"Doreen, uwapemphe atsegule mawindo."

Dzuwa linali paliwombo, kuwala kuli ngwee tchalitchi chonse. A Magdalena anandiyang'ana.

"Atsegula kale, bambo."

Bambo anafufuza benchi ndi dzanja, n'kukhala pansi.

"Ndiye khala apa. Undiuze zomwe ukuona. Uyambire kuguwa, usafulumire."

Ndinayambira kuguwa.