Uta Wonjenjemera Ngati wa Bambo

9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi ayambanso kudandaula kuti simuimba foni, ndiye musadzati sindinanene.

Uta wa malemu bambo uja unang'aluka ndikuukunga. Poti mpikisano wa kalabu yathu yoponya mivi uli pafupi, Loweruka ndinapita kusitolo ya zamasewera kwa a Mandevu, omwe aja ankakangana ndi bambo. Ndevu zayera, koma pakamwa mpomwe paja.

Mukukumbukira bambo akaphonya chandamale? Ankapukusa dzanja n'kunena kuti, "Uta uwu ukunjenjemera." Ife tinkaseka, mpaka supuni nayo inayamba kunjenjemera m'dzanja lawo, kenako kapu, kenako tinayamba kuwamangira mabatani a malaya.

A Mandevu ananditulutsira mauta awiri, n'kupita nane kuseri kwa sitolo kumene amayeserako. Woyamba unali wachikale, ukaponya umanjenjemera mpaka m'chigongono. Ndinawafunsa ngati zimenezi zimasokoneza muvi.

"Ayi mwanangu," anatero. "Uta ukamayamba kunjenjemera, muvi umakhala utapita kale. Chimavutika ndi dzanja basi. Bambo ako ndinkawauza zomwezi, koma ankasankhabe wonjenjemerawo."

Wachiwiri unali wamakono, wokhala ndi timphira toletsa kunjenjemera. Ndinakoka nsinga, ndinaponya. Uta unangoti zii, ngati sunachite kanthu. Koma achimwene, dzanja langa lamanzere silinasiye. Chala chachikulu chinkagwedera chokha, ndendende ngati cha bambo patebulo paja. Ndinaliyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina.

A Mandevu anaona. Anapita kukazula mivi pachandamale, ndipo anachedwako dala.

"Mwina sunadye m'mawa," anatero atabwerako.

"Mwina," ndinayankha. Chonsecho ndinali nditadya.

Ndinagula wonjenjemera uja. A Mandevu, munthu wosasowa chonena, anangoukulunga osatsutsa. Ndili panjira mpamene ndinawamvetsa bambo. Mauta ankawadziwa kuposa tonsefe, kungoti ankafuna chonamizira.

Kunyumba ndinaukoloweka pamsomali wawo womwe uja, kuseri kwa chitseko. Amayi atauona anati, "Wasankha ngati bambo ako." Ananena moseka, koma ine sindinaseke nawo. Tsopano chitseko chikamenyetseka, nsinga ija imalira pang'ono, ndipo ndimacheuka ngati bambo andiitana.

Ndikuopa, achimwene. Kuntchito ndayamba kupempha telala mnzanga kuti azindilowetsera ulusi pasingano, ndimamuuza kuti ndi maso. Amayi musawauze, anasenza kale mtolo umenewu kamodzi. Chomwe ndikupempha n'choti mukabwera patchuthi mudzandiperekeze kwa dokotala uja ankaona bambo. Ndekha ndimangofika pageti n'kubwerera.

Nanga inuyo manja anu ali bwanji? Mundiyankhe zoona, musandiuze za mauta.

Mupereke moni kwa alamu. Ana muwauze kuti azakhali awo awasokera malaya, mabatani adzaikidwa ndi mnzanga. Mundikhululukire kuti zilembo zakhotakhota, tebulo lino likugwedera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mwana wa bambo ake.