Agulugufe a m'manachesi

Amayi, kodi kumene muliko muli bwanji?

Kuno ku Ligowe tilipo, poti kupuma sikufuna satifiketi. Mng'ono wanga Feliya wabereka mwana wamkazi ku Lisungwi, tamupatsa dzina lanu. Nandolo chaka chino wakana. Amalume, omwe adalira mokweza kuposa tonse pamaliro anu, adadula mitengo yanu ya manachesi n'kuotcha makala.

Ndafesa mbande zina za manachesi kuseri kwa nyumba. Ndizo zokha zimene ndingati n'zanga. Koma abwera agulugufe anu aja, akuda a madontho achikasu, okhala ndi kadiso kofiira kumapiko akumbuyo. Akuikira mazira pansonga zanthete, ndipo mbozi zawo zikumeta masamba mpaka kusiya timitengo tokha.

Mukukumbuka? Mboziyo ikadali yaing'ono imafanana ndi chitosi cha mbalame. Ndikafuna kuiphwanya munkandimenya dzanja: "Isiye. Akuiyesa chitosi, koma imeneyo idzauluka." Ndinkadziwa kuti mukunena ine. Mudabwerezanso pasiteji, tsiku limene ndinkapita ku yunivesite.

Kumeneko ndidaphunzira kuti gulugufe ameneyu si wa ku Neno kokha. Ali ku Mozambiki, ku Kenya, ku Joni, mpaka kutsidya kwa nyanja ku Madagasika ndi ku Arabiya. Paliponse pali ndimu kapena lalanje, iyeyo m'pakwawo. Ine ndidalekera chaka chachitatu, n'kubwerera ndi chikwama chomwe ndidapita nacho chija. Pamsika amanditcha "aDigiri". A Saidi a pagolosale amandifunsa ngati mchere ndiufuna m'Chingerezi. Ndimawayankha kuti angondipatsa wosanyowa, chilankhulo asankhe okha.

Chimene simudandiuze, Amayi, n'chakuti si mbozi zonse zimauluka. Zambiri zimafa zikadali chitosi.

Mawa ndipopera mankhwala. Ndikapanda kutero, mvula ikagwa ndidzasowa chowokera, chikhalirecho Feliya ndi khandalo akuyang'ana ine. Bambo wa mwanayo adalowera ku Joni, foni n'kuzima. Musandikwinyire nkhope. Kunena kuti "isiye" n'kosavuta kwa munthu amene sadyanso.

Koma mbande imodzi, yokhota ya kumapeto kwa mzere, sindiipopera. Mbozi ziidye mpaka ithe. Lonjezo langa ndi lomwelo, loposa pamenepa ndilibe.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale mkwiyo sunandichoke.

Ndine mwana wanu wamkulu,
Agnesi