Ming'oma yathu yapsera mbewa

Lachitatu, Seputembala. Kunatentha, ndipo mtima sunakhale pansi tsiku lonse.

Ming'oma ija a khonsolo anatipatsa ife amayi a gulu loweta njuchi yapsa. Alamu anga a Yohane anayatsa tchire m'mphepete mwa nkhalango kuti asake mbewa, mphepo n'kukankhira moto kumitengo imene tinapachika ming'omayo. Ndinathamangirako ndi nthambi yaiwisi, koma ndinapeza phula likuchucha, njuchi zitathawa kale.

Nditawafunsa, anangoti, "Mlamu, ano ndi matipate. Tchire lilibenso mwini." Munthu wamkulu ndithu!

Loweruka bwana wa khonsolo akubwera ndi alendo odzakwera phiri la Ntchisi kuti alawe uchi wathu. Anati akaukonda, tipatsidwa malo ogulitsira pamsika wa Kasakula. Nanga ndiwaonetsa chiyani, lupsa? Ndikatchula woyatsa moto, amuna anga sandilankhula. Ndikabisa, amayi anzanga ati ndikuikira kumbuyo achibale.

Madzulo ano alamuwo atumiza mbewa zowamba, akuti ndiwo za ana. Ana akuzilirira, koma zikadali m'mbalemo. Kuzibweza ndikuopa. Kuzidya, ndiye kuti tikudya uchi wa anzanga.