Tsiku Logawika ndi Eyiti

Lampang,
9 Malichi, 2568

Okondedwa achemwali anga a Duangjai,

Ndikhulupirira muli bwino ku Taipei kutaliko. Kuno tonse tilipo, kungoti ukwati wanga ndi Anuwat unatsala pang'ono kuphedwa ndi masamu.

Amonke a kukachisi anatisankhira pa 19 Epulo. Amayi anasangalala mpaka kuuza msika wonse. Koma Ababa mukuwadziwa: ntchito yauphunzitsi anapuma, choko sanapume nacho. Lamlungu Anuwat atabwera kudzadya nafe, iwo analemba pakhoma la khitchini 19042568, tsiku, mwezi ndi chaka chathu cha Chibuda pamodzi.

"Taona, mkamwini," anatero. "Nambala iyi ikugawika ndi 2, ndi 4, ndi 8 yemwe, osatsala kanthu. Banja lomangidwa pamenepa lingalimbe? Ine ndikufuna yosagawika, yoti palibe nambala ingailowe kupatula 1 ndi iyo yokha."

"Abambo ake, mpunga ukuzizira," anatero Amayi.

"Uzizire! Chaka chino chikuthera ndi 8, ndiye masiku ake onse ndi ogawika. Adikire chaka chamawa."

Anuwat thukuta kamukamu. Pofuna kuoneka wanzeru anati, "Bwanji titawerenga chaka mwachizungu, Ababa? Chikhala 2025."

"Chothera ndi 5? Iwe, kusukulu unkakhala kumbuyo eti? Imeneyo ngakhale nkhuku ingaigawe!"

Sindinaseke, achemwali, chifukwa kenaka Ababa anatsitsa mawu n'kunena kuti tsiku la ukwati wanu uja sanaliyese, ndipo mpaka lero zimawasowetsa tulo. Ndinafuna kuwauza kuti banja lanu linathetsedwa ndi mowa wa alamu, osati nambala.

Tsono pali nkhani yomwe ndimazengereza kukuuzani. Chaka chamawa sindingachidikire. Sindinauze munthu, koma Amayi anali ataona kale mmene ndikuthawira fungo la nsomba zoola zomwe timathira m'ndiwo zija. Pachakudya chomwecho anaika chikombe pansi n'kuti, "Aphunzitsi, mwana wanuyu agawika pawiri mu Seputembala, mufune musafune. Kawerengeni zimenezo."

Anuwat anayang'anitsitsa m'mbale ngati muli khomo lothawira. Ababa anatuluka kukathirira tsabola, pomwe anali atamuthirira kale. Pobwera anafufuta khomalo ndi malaya awo n'kuti, "Eyiti si nambala yoipa kwenikweni."

Choncho pa 19 mpomwepo. Chonde pemphani tchuthi mubwere, mudzandikulitsire diresi m'chiuno, pakuti telala wa pano ndi wamkamwa. Amayi akupereka moni. Anuwat nayenso, ngakhale akuopa kuti mudzamukoka khutu. Ababa sanandiyang'anebe m'maso, koma lero m'mawa ndapeza mango osapsa ndi mchere pakhomo la chipinda changa, osendasenda kale. Ndadya ndikulira. Bwerani, achemwali, ndili ndi mantha.

Ndine mng'ono wanu,
Kanokwan