Mphaka wa Mano Onse

Kwa Lundu,
Chikwawa.
19 Okutobala, 2025.

Okondedwa amake Witness,

Ndakutchula choncho chifukwa dzina la Luisa, lomwe ndinakupatsa ndekha, masiku ano likundiwawa m'kamwa. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa likuwotcha ngati tinalilakwira. Kalatayi ndalemba ndi dzanja langa, ndi diso lomwe unakanditsegulitsa ku chipatala ku Blantyre. Zilembo zikakhota usaseke, sukulu sindinapite nayo patali. Pa foni sindikufuna, umandidula mawu.

Ndikufuna tikambe za Dona.

Ukukumbukira kuti malemu bambo ako a Damiano anabwera naye m'thumba la jekete, nthawi ija ankalondera ku Kapichira. Kamphaka kotuwa, konyada, kosafuna kuponda matope, n'chifukwa chake anakatcha Dona. Madzi atatisefukira chaka chija ndinakhala naye padenga, nditamumanga m'chitenje ngati khanda. Bambo ako atatisiya, ndi iye anatsala kumandimvera ndikamalongolola. Anakalamba, inde. Mano anatha, khutu lina linang'ambika, nsomba ndinkachita kumutafunira. Nthawi zina ankanyowetsa mphasa. Makoswe ankadutsa pamphuno pake, iye n'kumangowayang'ana ngati achibale.

Tsiku lopita kuchipatala ndinamusiya m'manja mwa mlongo wako Pius ndi mkazi wake Anita. Ndipo iwe m'mawa uliwonse unkakhala pa bedi langa n'kumandiuza kuti, "Amayi, ndaimba kumudzi. Dona wadya, wagona pakhonde." Ine n'kumati zikomo mwanawe, mtima n'kukhala pansi.

Nditabwerera ndinapezadi mphaka wotuwa pakhonde. Ndinaitana, sanabwere. Anita anachita kumuthamangitsa n'kudzandiikira pamiyendo, akumwetulira ngati wapeza mphoto. Ndinapapasa khutu, lathunthu. Ndinalowetsa chala m'kamwa, anandiluma mpaka magazi.

"Pius," ndinatero, "mphaka wanga wamera liti mano?"

"Amayi, timamudyetsa nsomba za makakana tsiku ndi tsiku. Wanenepa, wabwerera ku utsikana."

"Utsikana? Tamukweza mchira."

Luisa, anali wamwamuna. Mlongo wako, bambo wa ana pakhomo, analephera ngakhale kusuzumira kumbuyo.

Ndiye nkhani inasintha. Akuti Dona anafa ndi ukalamba, anamukwirira pansi pa msawu, ndipo anandibisira poopa kuti misozi ingawononge diso. Ndinalira, mpaka ndinamuthokoza mwana wanga pomuika bwino. Kutacha ndinapita kumsawu kuja kukaikapo mwala kuti agalu angafukule. Nthaka inali gwa, udzu wa chaka chatha uli chiimire. Ndinatenga khasu. Ndinakumba pomwe analoza, ndinakumbanso pena, chonsecho adokotala anandiletsa kuwerama. Anita ndiye anadzandilanda khasulo.

"Apongozi, mudzipweteka chabe. Mulibe kanthu m'menemo."

Anaulula zonse ataima pomwepo, manja ali m'chiuno. Dona anakodzera thumba lake la mapira, iye n'kunena kuti sangasamale chinthu chongodziwa kudya ndi kuipitsa. Pius anamuika m'saka, anakwera naye bwato n'kukamusiya kutsidya la Shire kuti asapeze njira yobwerera. Wamoyo, Luisa. Wopanda dzino ndi limodzi lomwe.

"Nanga wa manoyu wachokera kuti?" ndinafunsa.

"Amenewo ndi maganizo a alamu a ku Blantyre. Titawaimbira anati tipeze wofanana mtundu, amayi saona bwino, sadziwa."

Pius ndi wopepera chibadwire, amapita komwe mkazi waloza. Anita sindinamubereke ine. Koma iwe, amene unandigwira dzanja kundilowetsa kwa adokotala kuti ndizionanso, ndiwe yemwenso unakonza bodza loyenera wakhungu. Unaiwala chomwe tinapitira kuchipatalako? Ndipo ngakhale maso onse akanafa, ukuganiza kuti manja angawa sadziwa chomwe akhala akusisita zaka zonsezi?

Ndinawoloka. Ndinatenga kambale kake kachitsulo kaja, n'kumayenda m'minda ya mbatata kutsidyako ndikugogoda ndi supuni monga ndinkachitira nthawi ya chakudya. Anthu ankati gogoyu wazungulira mutu. Pobwerera, mayi wina wogulitsa nsomba padoko, dzina lake Helena, anandiimitsa. Anati panali mphaka wotuwa wokalamba yemwe ankakhala pamchenga kuyang'ana madzi, ndipo bwato lililonse likakocheza ankadzuka kukaona otsika. Anamuponyerapo mutu wa mlamba, iye ankangonyambita.

"Ndikanadziwa kuti alibe mano, gogo, bwenzi nditamufinyira," anatero.

Tsiku lina anamupeza atauma pansi pa bwato lakutha, n'kumuponya m'madzi. Sindinamuimbe mlandu mayiyo. Ndi yekhayo anamupatsako kanthu.

Tsopano za nkhani yako ija, yoti mvula isanagwe ndisamukire kwa iwe ku Blantyre, nyumba ino ndisiyire Pius. Ndinavomera, ndipo zovala ndinali nditayamba kumanga. Ndamasula. M'kamwa muno mwatsala mano owerengeka, ndipo pali china chomwe sindinakuuzepo. Nanenso masiku ena ndimadzuka mphasa itanyowa, n'kuichapa msanga anthu asanatuluke. Ndaona momwe ana anga amachitira ndi zoterezi. Ndikhala pakhonde langa lomweli, tsidya lino la mtsinje.

Wa manoyu ndimamupatsa chakudya, koma dzina sindinamupatse. Alibe mlandu, nayenso anabwera m'saka.

Undiperekere moni kwa bambo ake a Witness. Witness ndi Tithokoze uwauze kuti agogo awasungira masawu ouma, adzabwere okha kudzatenga. Tithokoze akafunsa za Dona, paja ankakonda kumubereka kumsana, umuyankhe ndiwe, ndipo umuuze zoona ngati ungathe. Za diso lachiwiri lija adokotala anati ndipitenso mu Januwale, uwauze asavutike. Limodzili landionetsa zokwanira.

Ndine mayi ako, amene ndinkakutafunira chakudya usanamere mano,

Dorika.