Masamba Amene Munakulungira Zitumbuwa

Bradford, Novembala 2006

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndikhulupirira bondo lija munalisiya kuno, chifukwa sindiona nzeru yopita nalo kumwamba.

Za kumudzi ndimazimvera pafoni. Chikondi wathu anachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti akayamba kulira mudzi wonse umakhala chete, ndiye dzinalo lapeza mwini wake. Kachewere wachita bwino chaka chino, koma achimwene a Limbani mpaka lero sanafolere khitchini yanu. Kuno dzuwa likumalowa folo koloko ngati lathawa ntchito.

Tsopano khalani pansi, ndili nanu mlandu.

Digiri ija munaivinira mpaka chitenje kumasuka, ntchito yake kuno ndi kusambitsa ndi kudyetsa okalamba m'nyumba zawo. Mmodzi mwa iwo ndi a Rafiq, bambo a ku Pakistan amene anafa ziwalo. Manja sagwira, koma pakamwa, Amayi, mukanapezana. Tsiku lina anandipempha ndiwagwirire buku, ndiziwatembenuzira masamba. Ine wophunzirane ndinatsegula monga anatiphunzitsira kusukulu. Anandiyang'ana ngati ndawaponda pachilonda. Kani mabuku a Chiurdu, chinenero chawocho, amayambira kumene ife timathera, ndiye ndinawaonetsa tsamba lomaliza, pamene wakupha munthu akuululidwa. Nditapepesa anati ndisavutike, wakuphayo akumudziwa kale, poti anamupanga ndi iwowo.

Ndinayesa kuti ndi nthabwala, mpaka mpongozi wawo ananditsegulira makatoni kunsi kwa masitepe. Timabuku topyapyala, zikuto zofiira, mfuti ndi mipeni, tonse tawo. Ali mnyamata ku Karachi ankalemba buku limodzi mwezi uliwonse, pa dzina lobwereka kuti bambo awo asadziwe. Wofufuza milandu wawo sanali wapolisi ayi, anali telala, wogwira zigawenga poona msoko wa malaya. Akuti anthu ankabwereka timabukuto m'maokala, wina n'kumawerenga mokweza, osadziwa kuwerenga atamuzungulira. Kenako anabwera kuno kudzagwira ntchito m'fakitale ya ubweya, ati kwa zaka ziwiri zokha. Cholembera sanachigwirenso. Adzukulu awo sadziwa ngakhale chilembo chimodzi cha m'makatonimo.

Apa m'pamene pakamwa panga panandipereka. Ndinawauza za kope langa la Fomu 3, nkhani ija ya mphunzitsi wopezeka atafa m'chitsime. Mukuikumbukira, musanamizire kuiwala. Munathothola masamba ake n'kukulungira zitumbuwa pa siteji ya basi, ati pepala losabwera pa mayeso ntchito yake ndi mafuta. Ndinalira masiku atatu, inu n'kungoti, "Misozi siphika ndiwo." Ndinawauzanso za kondakitala uja anawerenga masambawo n'kubwerako kawiri kudzafunsa amene anaponya mphunzitsi m'chitsime, inu n'kumuyankha kuti agule zina zisanu, mwina apeza.

Ndinkadikira kuti andimvere chisoni. Anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti mwa onse ofalitsa mabuku amene anagwira nawo ntchito, panalibe wochenjera ngati inu. Atapuma anandifunsa funso la kondakitala lomwe lija.

Amayi, lekani ndiulule. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti munandiphera luso, pamene zoona zake n'zakuti nkhaniyo ndinali nditaisiya kale. Womuponya m'chitsimeyo sindinkamudziwa. Munang'amba kope lopanda mapeto. Mlandu ndaubweretsa kwa inuwu, theka lake ndi langa. Theka lokha, musasangalale.

A Rafiq sanandinyengerere. Anati ndi mlembi waulesi yekha amene amagwetsera munthu m'chitsime asanadziwe womukankha. Iwo ankayamba ndi mutu womaliza, kuutsekera m'kabati, kenako n'kulambula njira yokafikako. "Buku lija unalitsegula bwino," anatero, "kungoti sunadziwe."

Nthawi ndiye yachepa. Khrisimasi isanafike mwana wawo akuwasamutsira ku nyumba yosungirako okalamba ku Leeds, ndipo kumeneko owasamalira ndi ena. Iwo akuti sakwera galimoto asanamve mapeto, koma ndikudziwa kuti munthu wosayenda safunsidwa, amangonyamulidwa. Choncho ndagula kope. Ndimalemba m'basi, m'Chichewa chathu, n'kumawamasulira m'Chingerezi ndikamawameta ndevu. Akamva bodza amatsinzina, ine n'kudziwa kuti tsamba limenelo ndi la zitumbuwa. Mitu inayi yatheka, itatu yatsala. Achimwene a Limbani akuti ndisiye zachibwana ndikaphunzire unamwino. Ndawauza kuti ayambe afolera khitchini.

Mutu womaliza ndinaulemba kale. Uli mu envulopu, m'kati mwa Baibulo lanu lija, ndipo wakuphayo ndamupeza. Kumunda munkati mzere ukauyamba kupalira suusiya pakati, ngakhale mvula ikupeze. Ndinkayesa mukunena za udzu basi.

Ndikukulonjezani kuti ndimaliza a Rafiq asananyamulidwe. Ndikadzabwera kudzasesa pamanda anu, ndidzakuwerengerani yonse, kuyambira kumene ife timayambira. Koma dzina la wakuphayo lero simulimva. Mudikire ngati kondakitala uja.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani ngati eni ake,
Tiyamike