Kachingwe ka phazi la Tadala

Loweruka, mwezi wa Julayi. Lero landiwawa.

Ndinalawira kuchoka kwathu ku Nsaru kukaonana ndi amake Tadala, amene akugwira ntchito ku Lilongwe. Ndinatenga kachingwe komwe ndinayezera phazi la mwana wathuyo, kuti nsapato tikasankhe awiri, mwina angakumbuke kunyumba.

Anandizunguliza tauni yonse, kundionetsa misewu yodutsana pamwamba ndi nyumba zosanja. Ine khosi linachita kuwawa, iwo maso ali pa foni. Titakumana ndi mnzawo anamuuza kuti, "Awa ndi achimwene akumudzi." Achimwene, ine?

Nditatulutsa kachingwe anati, "Bisani, mukundichititsa manyazi."

Nsapato ndagula ndekha ku depoti. Tadala atavala wafunsa ngati amake abwera. Ndangomuuza kuti ayende ndione ngati sizikumupana. Mawa akafunsanso, kaya...